Nyali ya LED yooneka yozirala ikhoza kuwotcha makorali anu

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene ali ndi thanki yakuya masentimita 50 yosungiramo makorali (zamoyo za m'nyanja yamchere, zambiri zokhala ndi chigoba cholimba ngati mwala). Kwa zaka ziwiri ankawalitsa ndi nyali zazitali za machubu zotchedwa T5, kenako mwezi watha anagula nyali ya LED. Atayiyatsa anaona ngati m'thanki mwada, ndiye anaikweza mpaka 100 peresenti. Patangotha masabata awiri, ma Acropora (makorali olimba a nthambi) a pamwamba pa miyala anayamba kuyezuka, pomwe makorali a pansi ali bwinobwino. Akufunsa ngati agule nyali yachiwiri yowonjezera.

Ayi bambo, musagule. Lero lomwe itsitseni nyaliyo ifike cha m'ma 40 peresenti, kenako mubwerere kudzawerenga zotsalazi.

Maso anu ndi amene akupusitsani. Diso la munthu limaona bwino kwambiri kuwala kobiriwira kopita kuchikasu, cha pa ma nanomita 555 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala, umene umasiyanitsa mitundu), koma buluu limamuona mozirala ngakhale atakhala wamphamvu chotani. Nyali za LED za makorali zimatulutsa kwambiri buluu ndi vayoleti, pakati pa ma nanomita 420 ndi 470. Inu mukamati kwada, koraliyo ili padzuwa la masana. Opanga nyali sanasankhe buluu pofuna kukongoletsa chabe. Madzi a m'nyanja amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyambirira, buluu n'kumapitirira mpaka pansi, ndipo tindere tokhala m'mnofu wa korali, totchedwa zooxanthellae, timapanga chakudya bwino ndi kuwala komweko. Chakudya chambiri cha korali chimachokera kwa tindereti. Kuwala kukachuluka mwadzidzidzi, timatulutsa zinthu zowononga mnofu wa korali, ndipo koraliyo imatitaya kuti idzipulumutse. Kuyera kumene mukuonako ndi chigoba cha laimu chimene chikuonekera m'mnofu wopanda tindere.

Chimene chanditsimikizira n'choti ayezuka ndi a pamwamba okha. Chikhala kuti kuwala kukuchepa, akanayamba kudandaula a pansi, ndipo ma Acropora akanada n'kusanduka ofiirira ngati dothi, osati kuyera. Yang'anani pafupi usiku ndi tochi. Ngati mnofu udakalipo ndipo timilomo take tikutuluka, korali ili moyo ndipo mtundu ukhoza kubwerera, ngakhale zimatenga miyezi. Pamene patsala chigoba chokhachokha, pamenepo pafa.

Tsono poti maso sangadaliridwe, pezani chida choyezera PAR, ngakhale chobwereka kwa tsiku limodzi. PAR ndi kuchuluka kwa kuwala kumene zomera zingagwiritse ntchito, kuyambira ma nanomita 400 mpaka 700. Choyezera lux (muyeso wina wa kuwala), kuphatikizapo chimene chili pafoni, chinapangidwa motsanzira diso la munthu, choncho chidzakunamizani monga momwe maso akuchitirani. Osunga makorali ambiri amatsata miyezo iyi: makorali ofewa ndi aja ooneka ngati bowa amakhutira ndi PAR ya 50 mpaka 100, a LPS (olimba a timilomo tikulutikulu) monga Euphyllia amafuna 75 mpaka 150, pomwe a SPS (olimba a timilomo ting'onoting'ono) monga ma Acropora anuwo amakonda 200 mpaka 350. Yezani m'madzi momwe, pamalo penipeni pamene korali iliyonse yakhala, mapampu akuyenda. Mudzadabwa kusiyana kwa pakati pa thanki ndi m'makona.

Kusiyana kumeneko ndi khalidwe la LED limene anthu ochokera ku T5 salidziwa. Chubu chimamwaza kuwala mofanana paliponse ndipo kumazungulira nthambi za korali mbali zonse. LED imawala kuchokera pa timadontho ting'onoting'ono, kawirikawiri kudzera m'timagalasi tosonkhanitsa kuwala, ndiye pansi pake penipeni pamapsa pomwe kuseri kwa nthambi kuli mthunzi. Ikwezeni nyaliyo ikhale masentimita 25 kapena 30 pamwamba pa madzi kuti kuwala kufalikire. Ndipo machubu anu akale aja musataye. Ine ndimakonda kwambiri thanki yokhala ndi LED pakati ndi machubu awiri a T5 m'mbali, chifukwa ma Acropora akakula n'kuyamba kudziphimba okha, ndi machubuwo amene amasunga tsinde kuti lisafe.

Zimene zakuchitikiranizi zinandichitikiraponso. Ndinataya korali ya Montipora yofiira imene ndinailera kuchokera pa kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, chifukwa ndinkasintha mitundu ya nyali pafupifupi madzulo aliwonse pofuna maonekedwe ondisangalatsa. Mpaka pano zimandipweteka. Machubu ambiri a T5 ali ndi kuyatsa ndi kuzimitsa basi, koma LED imakupatsani mabatani ambiri, ndipo korali imafuna masabata kuti izolowere kusintha kumodzi. Sankhani pulogalamu imodzi, buluu wambiri, woyera pang'ono, wofiira ndi wobiriwira motsika kwambiri, kenako chotsanipo dzanja. Maola 8 kapena 9 a kuwala kwathunthu akukwana, ndi ola limodzi lokwera m'mawa ndi lina lotsika madzulo. Usiku kuzikhala mdima weniweni. Makorali akayamba kubweza mtundu, muzikweza ndi 5 peresenti pa sabata, osapitirira, mpaka mufike pa PAR imene mukufuna.

Mu imelo yanu simunatchule za madzi, koma kuwala sikuyenda kokha. Ngati nitrate ndi phosphate, michere ya m'madzi imene tindere timadya, zili pa ziro, tindere tija tili ndi njala, ndipo korali yanjala imayezuka msanga ngakhale pa kuwala kumene ina ikanakupirira. Madzi akhale pa madigiri 25 kapena 26 a Celsius, alkalinity (mphamvu ya madzi yochepetsa asidi) ikhazikike pakati pa 7 ndi 9 pa muyeso wa dKH osadumphadumpha. Samalaninso ndi makala osefera madzi: mukaika atsopano ambiri, madzi amayera mwadzidzidzi ndipo kuwala kofika pa makorali kumakwera inu musanakhudze batani lililonse.

Ma Acropora oyezukawo, ngati angachoke pamwala, atsitseni pakati pa thanki kwa mwezi umodzi. Mukayeza PAR, nditumizireni manambala a malo atatu, pamwamba, pakati ndi pamchenga, pamodzi ndi nitrate ndi phosphate, ndidzakuuzani poti muyambire kukweza.