Mafunso Anu: Khanda Likamadzuka Usiku

Makalata a mwezi uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo onse akudandaula za tulo m'nyumba momwe mwabadwa mwana. Oyankha ndi anamwino ndi azamba a danga lathu la zaumoyo.

Funso: Mwana wanga woyamba ali ndi masabata awiri. Usiku amadzuka kanayi kapena kasanu kufuna bere, nthawi zina patangopita ola limodzi. Apongozi anga akuti mkaka wanga ndi wamadzi, n'chifukwa chake sakukhuta. Kodi n'zoona? (Mayi wa ku Ngabu)

Yankho: Mayi, tikuthokoza kuti munachira bwino. Mkaka wanu ulibe vuto, ndipo mwana wanu akuchita zomwe khanda lathanzi limayenera kuchita. Kamimba ka khanda n'kakang'ono zedi. Tsiku lobadwa kamangolandira mamililita 5 mpaka 7, ndiye kuti sipuni yaing'ono imodzi, ndipo pakutha pa sabata kamafika pa mamililita 45 mpaka 60. Mkaka wa m'mawere nawo suchedwa kugayika. Motero mwana amayenera kuyamwa maulendo 8 mpaka 12 pa maola 24, usiku uli momwemo. Amagona maola 14 mpaka 17 patsiku, koma moduladula, pakuti thupi lake silinayambe kusiyanitsa usana ndi usiku. Limayamba kutero akamafika miyezi iwiri kapena itatu.

Kuyamwitsa usiku n'kumene kumasunga mkaka wanu. Bere lili ngati chitsime chokumba mumchenga wa mtsinje wa Mwanza m'chilimwe: mukamatunga m'pamene madzi amabwera. Timadzi ta m'thupi totchedwa prolactin, tomwe timachititsa kuti mkaka upangike, timachuluka usiku kuposa masana. Mayi akamadumphitsa kuyamwitsa usiku, mawere amatupa, kuuma gwa ndi kupweteka, kenako mkaka umayamba kuchepa.

Apongozi anu aona zoona, koma aona mbali imodzi. Mkaka wotuluka mwana akangoyamba kuyamwa umaonekadi wamadzi, ndipo ndi wothetsa ludzu. Wamafuta, wokhutitsa uja, umachuluka bere likamapepuka. Apa m'pamene usiku umavutira amayi ambiri: mphindi zitatu bere ili, zitatu linalo, mwana wasinza, amugoneka, pakatha ola wadzukanso ndi njala. Msiyeni ayamwe bere limodzi mpaka alisiye yekha, mumugeyetse, kenaka mum'patse linalo. Akayamba kusinza asanakhute, m'sisiteni kuphazi kapena m'vuleni nsalu kuti agalamuke.

Yang'ananinso mmene akugwirira bere, makamaka mumdima momwe munthu amangolowetsa osaona. Ayasamule kwambiri, chibwano chigunde bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, ndipo mbali yakuda ya bere ilowe yambiri m'kamwa. Mwana wogwira nsonga yokha amayamwa nthawi yaitali koma amameza zochepa, inu nsonga n'kung'ambika. Musadikirenso kuti alire. Akayamba kutembenuza mutu, kunyambita milomo kapena kuika chibakera kukamwa, m'patseni pomwepo. Wolira kale amagwira bere molakwika, amameza mpweya, ndipo amachedwa kugonanso.

Umboni woti akukhuta uli m'matewera ndi pasikelo. Kuyambira tsiku lachisanu azinyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa maola 24, mkodzo wosada, ndipo chimbudzi chizikhala chachikasu, chofewa. Makanda amatsika sikelo masiku oyamba, koma pofika masabata awiri amayenera kubwerera pomwe anabadwira. Ngati matewera akuchepa kapena sikelo sikukwera, pitani naye kuchipatala akakuonereni mmene akuyamwira. Dziwaninso kuti cha m'masabata awiri kapena atatu, ndiponso pa masabata 6, ana ambiri amafuna bere pafupipafupi kwa masiku awiri atatu. Kumeneko n'kukula, ndipo mkaka umachuluka potsatira kuyamwako.

Funso: Mdzukulu wanga ali ndi mwezi umodzi. Kuno kukatentha ngakhale ife akulu timadzuka usiku kumwa madzi, ndiye ndikuona kuti iyenso akulira ludzu. Kodi n'kulakwa kum'patsa timadzi ndi kaphala kamadzimadzi madzulo kuti agone, monga tinkachitira kale? (Agogo a ku Bangula)

Yankho: Agogo, za ludzu mwaona bwino. Kuno ku Chigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo khanda nalo limamva ludzu. Koma madzi ake ali m'bere la mayi ake. Pa magawo 100 a mkaka wa m'mawere, oposa 85 ndi madzi, ndipo ndi madzi aukhondo amene sanadutse mu ndowa kapena m'kapu. Kukatentha mwana amayamwa kawirikawiri, pang'onopang'ono, ndipo zimam'kwanira.

Tikukupemphani ndi ulemu wonse kuti madzi, phala ndi tiyi zidikire mpaka akwanitse miyezi 6, ndipo zitsamba zomwetsa ndi timankhwala ta m'golosale toti agone asapatsidwe konse. Madzi amadzaza kamimba popanda chakudya, mwana n'kuchepetsa kuyamwa, mkaka wa mayi n'kutsika. Matumbo ake sanakhwime moti n'kugaya phala, ndiye m'malo mogona amatupidwa ndi kulira usiku wonse. Choopsa kwambiri ndi kutsegula m'mimba. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, ndiponso mmene zitsime zimaipira madzi akasefukira. Ngati mayi ali pa ma ARV, kusakaniza bere ndi zakudya zina miyezi 6 isanakwane kumaonjezera mpata woti mwana atenge kachirombo ka HIV, choncho kwa iye lamuloli n'lolimba koposa.

Madziwo apatseni mayi. Usiku pakhale kapu pambali pa mphasa, azimwa nthawi iliyonse akuyamwitsa, masana thobwa kapena phala la mapira. Ndipo thandizo lanu lalikulu ndi ili: masana mwana akayamwa, m'tengeni inu mukhale naye pamthunzi, mayi ake agone ola limodzi kapena awiri. Kutunga madzi, kusinja ndi kudimba ena agwireko masabata oyambawa.

Funso: M'nyumba mwathu ndi mwamalata, usiku simugoneka, ndiye timagona pakhonde. Mwana wa masabata atatu ndimagona naye pamphasa imodzi kuti ndisamavutike poyamwitsa. Kodi ndikumuika pangozi? (Mayi wa ku Makhuwira)

Yankho: Mayi, kugona pafupi ndi mwana kumapeputsadi kuyamwitsa, ndipo tikudziwa kuti m'nyumba zambiri malo ena ogoneka khanda palibe. Chofunika ndi kukonza pogonapo. Pakhonde kapena m'nyumba, neti isasowe. Malungo ku Chikwawa ndi Nsanje sadikira dzinja, ndipo udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, nthawi yomweyo mukuyamwitsa. Mangani neti pamwamba, m'mphepete mwake mupisire pansi pa mphasa mbali zonse, osaisiya ikukhudza nkhope ya mwana. Yamwitsani muli momwemo. Matewera, nsalu yopukutira ndi tochi zikhale m'kati mwa neti kuti musamatsegule pafupipafupi.

Mwana agone chagada nthawi zonse, osati chafufumimba kapena cham'mbali. Ena amaopa kuti akabzikula mkaka atsamwa, koma khanda lathanzi limameza kapena kutembenuza mutu, ndipo imfa zadzidzidzi za makanda m'tulo zimachuluka mwa ogona chafufumimba. Pogona pakhale polimba ndi posalala, popanda pilo, bulangete lolemera kapena matiresi obonyoka pakati. Akhale kumbali kwanu, osati pakati pa inu ndi bambo ake, ndipo ana okulirapo agone kwina. Munthu amene wamwa mowa, wamwa mankhwala ogonetsa kapena amasuta fodya asagone pamphasa imodzi ndi khanda. Apa palibe kukambirana.

Poyamwitsa chogona, gonani cham'mbali, mwana ayang'anizane nanu mimba ndi mimba, mkono wanu wam'munsi ukhale pamwamba pa mutu wake, mawondo mutapinda pansi pa mapazi ake. Akamaliza m'bwezereni chagada. Musayamwitse mutakhala pasofa muli ndi tulo tambiri, chifukwa mukasinza mwana amatha kutsetsereka n'kupanikizika nkhope.

Kufunditsa mopitirira n'kofala kwambiri kwathu kuno. Timaona makanda ali ndi chipewa, juzi ndi shawelo pamene dzuwa likuswa mtengo. Usiku wotentha thewera, kamalaya kopepuka ndi chitenje chimodzi zakwana, mutu osaphimba. Gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi: pakakhala thukuta, chotsani chimodzi. Cha m'mbandakucha kukazizira muonjezere nsalu. Koloboyi ndi koyilo ya udzudzu zikhale kutali, utsi wake umapweteka mapapo a khanda.

Funso: Ndimagwira ntchito ya mashifiti kuminda ya nzimbe. Ndikafika ndimapeza mayi a kunyumba atatoperatu, mwana akulira kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku ngakhale wayamwa. Ine bere ndilibe, ndingathandize bwanji? (Bambo wa ku Nchalo)

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa. Pa kudzuka kulikonse, kuyamwitsa ndi gawo limodzi chabe. Kusintha thewera, kugeyetsa ndi kugoneka mwana mungathe inu, mayi n'kubwerera kutulo msanga. Pogeyetsa, muikeni paphewa panu choimirira, dzanja limodzi litagwira mutu, linalo likusisita pamsana mofatsa kwa mphindi zingapo. Usiku gwiritsani kuwala kochepa, lankhulani chapansipansi, osaseweretsa mwana. Masana akhale powala, pakati pa phokoso la pakhomo. Umo ndi mmene amaphunzirira kuti usiku ndi wogona.

Kulira kwa madzulo kumene mukunenaku kumachitikira ana ambiri athanzi. Kumakula cha pa masabata 6, n'kuyamba kuzilala pa miyezi itatu kapena inayi. Vulani malaya mumuike pachifuwa panu, khungu ndi khungu, muziyenda naye pang'onopang'ono mukung'ung'udza kanyimbo. Mtima ukayamba kukwera, m'gonekeni chagada pamalo abwino, mutuluke kaye kapena muitane wina. Musam'gwedeze mwamphamvu ngakhale kamodzi. Khosi la khanda n'lofooka, ndipo kugwedeza kotero kumatha kuononga ubongo kapena kupha kumene.

Ngati mayi akufuna kugona maola atatu osadzutsidwa, afinyire mkaka m'kapu yotsukidwa ndi sopo ndi madzi owiritsa, avindikire, inu mudzam'mwetse mwana ndi kakapu pang'onopang'ono atakhala tsonga. Popanda fuliji mkakawu usapitirire maola anayi, ndipo usiku wotentha wa kuno uperekeni msanga kuposa apo. Ayang'aneninso akazi anu. Ngati patha masabata awiri akungolira, sakudya, sakugona ngakhale mwana atagona, kapena akunena zoti moyo wawakwana, amenewo ndi matenda, si ulesi kapena mwano, ndipo kuchipatala thandizo lake lilipo. Aperekezeni.

Funso: Wanga anabadwa ndi makilogalamu 2.1, tsopano ali ndi masiku 9. Salira, amagona usiku wonse mpaka ndimudzutse m'mawa. Anzanga akuti ndili ndi mwayi. (Mayi wa ku Muona)

Yankho: Mayi, pa makalata onse a mwezi uno yanuyi ndi imene yatidetsa nkhawa, ndipo tikupempha kuti mupite naye kuchipatala lero lomwe. Mwana wobadwa ndi sikelo yosakwana makilogalamu 2.5 alibe mafuta okwanira m'thupi. Akakhala nthawi yaitali osayamwa, shuga amatsika, thupi limazizira, ndipo amafooka moti mphamvu zolirira zimasowa. Kugona kotereku si kukhuta. Muzim'dzutsa maola awiri kapena atatu aliwonse, usana ndi usiku, ngakhale potchera alamu pafoni. Ngati akulephera kukoka bere, finyani mum'mwetse ndi kakapu. Iyeyu za kuvula zovala chifukwa cha kutentha sizikum'khudza mofanana ndi ena: m'sungeni pachifuwa panu khungu ndi khungu, njira ya kangaru ija, atavala thewera ndi chipewa, monga anamwino akakuonetsereni.

Kwa makolo onse, izi ndi zizindikiro zosadikira kuti kuche: mwana wakana bere kapena wasiya kuyamwa bwino, sakudzuka kapena walefuka, watentha thupi kufika madigiri 37.5 kapena wazizira kutsika pa 35.5, akupuma maulendo 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati akamapuma, akukomoka kapena kugwedezeka thupi, chikasu chafika m'manja ndi kumapazi, pamchombo pafiira kapena pakutuluka mafinya. Musayambe mwam'patsa panado kapena mankhwala a malungo otsala m'nyumba, ndipo mwambo wa chikuta usakuletseni kutuluka naye. Sungiranitu nambala ya wanjinga yamoto kapena wakabaza amene angadzuke usiku, buku la kuchipatala likhale poonekera, ndipo panjira mwana akhale pachifuwa panu, mukum'patsa bere ngati angathe kuyamwa. Kwa inu a ku Muona chipatala cha Trinity chili pafupi. Ena thamangirani chomwe mwayandikana nacho, kaya ndi Montfort ku Nchalo, Ngabu, Kalemba ku Bangula kapena zipatala za boma pa Chikwawa ndi pa Nsanje.