Udzu umatsala pamalire a ndime

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali athu ena, injiniya, amene ali ku England pantchito yomanga njanji ya sitima zaliwiro ya HS2. Angopatsidwa kumene udindo woyang'anira pokumanira makontrakiti, pamene kumeneko amapatchula kuti interface. Mawu awo, mwachidule, ndi awa: "Ndili ndi kaundula wa mizere yoposa 300, mzere uliwonse ndi nkhani yoti makontrakitala agwirizane. Lachiwiri lililonse timakumana, aliyense amagwedeza mutu, koma palibe mzere umene ukutha. Omanga mlatho akuti akudikira a magetsi, a magetsi akuti akudikira omanga mlatho. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, munalimitsako ganyu? Mukagawa ndime kwa anthu anayi, aliyense amalima yake bwinobwino n'kubwera kudzalandira ndalama. Mukapita kukaona, mupeza kamzere ka udzu pakati pa ndime ndi ndime. Mukafunsa uyu, akuti ndi ka mnzangayo. Mnzakeyo akuti iye analekezera pa chitsa chimene munamuonetsa. Onse akunena zoona, ndipo kamzereko ndi kanu eni munda. Mizere 300 ya m'kaundula wanuyo ndi timizere ta udzu totere.

Onani mmene munda wa HS2 unagawidwira. Mu 2017, ntchito ya zomangamanga pakati pa London ndi Birmingham inaperekedwa kwa magulu anayi. A SCS, omwe ndi Skanska, Costain ndi STRABAG, anatenga ma tunnel, njira za pansi pa nthaka, a mu London. A Align anatenga tunnel ya Chiltern, ya makilomita 16, ndi mlatho wa Colne Valley wa makilomita 3.4. Chapakati pali EKFB, kumpoto kuli Balfour Beatty VINCI. Masiteshoni ngati Old Oak Common ndi Curzon Street ali ndi makontrakiti awoawo. Sitima 54 zinaitanitsidwa kwa Hitachi ndi Alstom mu December 2021. Tsono makina oyamba oboola phiri la Chiltern anali atayamba kale ntchito mu May chaka chomwecho. Dzenje linayamba kukumbidwa sitima yodutsamo isanapeze woipanga. Oyala njanji, oika mawaya a magetsi ndi a masiginolo anasankhidwa mochedwa kuposa apo, chakumapeto kwa 2024. Ndiye kwa zaka zingapo, womanga mlatho akafuna kudziwa pomwe mlongoti wa magetsi udzaime ndi kulemera kwake, analibe mnzake womufunsa. Woyankha anali mwini ntchito, HS2 Ltd, ndipo yankho lake linali lamulo la pulani osati zimene kontrakitala wa magetsi adzakondedi.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambiri amadumphapo. Womanga mlatho ndi wa magetsi alibe kontrakiti pakati pawo. Aliyense anasainirana ndi mwini ntchito basi. Wa magetsi akauza womanga mlatho kuti asunthe mabawuti, womangayo alibe chomukakamiza, komanso alibe womulipira. Akasuntha mwa ubwino wa mtima, ndalama ituluka m'thumba mwake, ndipo zikadzalakwika mlandu ndi wake. Ndiye mumsonkhano wanu wa Lachiwiri amagwedeza mutu mwaulemu, n'kubwerera ku ofesi kukadikira kalata yochokera kwa amene amamulipira. Musamuone ngati waulesi kapena wamwano. Akuchita zimene kontrakiti yake ikunena.

Makontrakiti a zomangamanga a HS2 ndi a mtundu wa NEC3, ndipo muli zida zingapo zimene muyenera kuzidziwa ngati dzina lanu. Muli tsiku limene kontrakitala ayenera kupatsidwa malo ogwirirapo; mwini ntchito akachedwa kupereka malowo, kontrakitala amakhala ndi chifukwa chopemphera nthawi ndi ndalama zoonjezera. Muli Key Date, tsiku limene chinthu chotchulidwa chiyenera kukhala chitafika poti wina angayambirepo. Kontrakitala akaliphonya, mwini ntchito n'kuwononga ndalama chifukwa cha zimenezo, kontrakitalayo amalipira. Mulinso early warning, chenjezo lolemba limene aliyense ayenera kupereka msanga akaona vuto likubwera. Tengani kaundula wanu, mzere ndi mzere, mufunse: kodi tsiku lili apali likupezeka mu kontrakiti ya wina aliyense? Ngati silikupezeka, ndi tsiku lomwe anthu anangotchula kuti msonkhano uthe. Ndikukayika ngati mizere yokhala ndi tsiku lenileni ingafike theka.

Mzere uliwonse uzikhala ndi zinthu zochepa koma zogwirika. Chinthu chenichenicho, cholembedwa moti munthu angathe kuchiyeza. Wopereka mmodzi, wolandira mmodzi, ndipo akhale anthu a mayina, osati "gulu la magetsi". Mzere wonena kuti "kugwirizana pa nkhani ya ngalande" sudzatha mpaka mudzapume pantchito. Wonena kuti paipi ya mamilimita mwakuti ithere pamalo akuti, pamsinkhu wakuti, wolandira akasaine atayeza yekha, umenewo umatha. Zikagwirizanidwa zimalembedwa mu chikalata chimene amachitcha Interface Control Document, onse awiri n'kusaina, ndipo kuchokera pamenepo wofuna kusintha ayambe wanena amene alipire.

Ine ndinaphunzira izi mowawa, pantchito ina ya njanji imene sindiitchula. Makontrakitala awiri ankamanga ngalande ya konkire yodutsamo mawaya, wina kuchokera kumwera, wina kumpoto. Tsiku lokumana tinapeza kuti ngalande ziwirizo zasemphana pafupifupi chikhatho chimodzi. Ndinaima pamenepo ndi tepi m'manja, mvula ikuwaza, mafolomani awiri aliyense atatambasula pulani yake pa boneti ya galimoto. Mapulani onse anali osainidwa, onse olondola. Kungoti wina ankagwiritsa ntchito mzere wa njanji wakale, umene unasinthidwa miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo kalata ya kusinthako inafika kwa mmodzi yekha. Woyenera kuitumiza kwa winayo ndinali ine. M'kaundula mwanga mzerewo unali wobiriwira, kutanthauza kuti zonse zili bwino.

Pa njanji wamba chikhatho chimodzi mutha kuchikonza ndi miyala ya pansi pa njanji. Pa sitima zaliwiro ngati za HS2, zinthu zimayezedwa m'mamilimita, ndipo mbali yaikulu ya HS2 njanji idzagona pa konkire, imene ikauma yauma. Pamene mtumbira wa dothi ukukumana ndi mlatho, dothi limatitimira pang'onopang'ono pomwe mlatho sukusuntha. Woyala njanji akalandira malowo dothi lisanakhazikike, patapita chaka pamabadwa kabampu, ndipo mkangano wa yemwe alipire umatha zaka. Choncho polandirana malo pasamangolembedwa kuti "zatha". Palembedwe kutitimira kumene kwayezedwa, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi malire amene wolandira angavomere.

Musaganize kuti izi zimagwera anthu osaphunzira. Ku France mu 2014 zinadziwika kuti sitima zatsopano zimene SNCF, kampani ya sitima ya dzikolo, inaitanitsa zinali zonenepa kuposa mpata wa m'masiteshoni akale, chifukwa miyezo imene bungwe loyang'anira njanji, RFF, linapereka inali ya masiteshoni atsopano okha. Panafunika kusema mapulatifomu pafupifupi 1,300. Ku London komweko, Crossrail, njanji yatsopano yodutsa pansi pa mzindawo, inali ndi makontrakiti akuluakulu 36. Werengani nokha: pakati pa 36 mutha kupanga mapeyala 630. Si onse amene ankakhudzana, koma mukuona mmene malire amachulukira kuposa ndime. Crossrail inayenera kutsegulidwa mu December 2018, inatsegulidwa mu May 2022, ndipo china chimene chinavuta kwambiri ndi kuti sitima imodzi izimvana ndi mitundu itatu ya masiginolo. Mark Wild, amene anamaliza ntchito imeneyo, ndi yemwe anatenga utsogoleri wa HS2 Ltd mu December 2024, ndiye nkhani yanuyi kumtundako akuidziwa.

Za omanga mlatho ndi a magetsi amene akudikiranawo, kawirikawiri onse amakhala akunena zoona. Wa magetsi sangatchule kulemera kwa mlongoti asanadziwe mmene mlatho umagwedezekera, womanga mlatho sangamalize pulani asanadziwe kulemerako. Mfundo yotere siimasuka ndi misonkhano. Wina ayenera kuyamba ndi nambala yongoganizira, yokwererako pang'ono, n'kunena kuti tonse timange pa imeneyi. Amene ali ndi mphamvu yotero ndi mwini ntchito yekha, popeza nambalayo ikadzapezeka yolakwika ndiye adzalipire. Mabwana ena amazemba chifukwa cha chomwecho, n'kumakuuzani kuti "akambirane okha". Mukamva mawu amenewo lembani early warning tsiku lomwelo, mutchulemo tsiku limene konkire ithiridwe ndi mtengo wodzaiswa pambuyo pake.

Lachiwiri likubwerali musawerenge mizere 300. Sankhani isanu imene konkire yake ithiridwe mwezi uno, muitane wopereka ndi wolandira wa uliwonse, ena onse akhale ku maofesi awo. Ngati n'kotheka msonkhanowo ukachitikire pamalire penipenipo, aliyense atanyamula pulani imene folomani wake akugwiritsa ntchito lero, osati ya mu kompyuta. Musanayambe kukambirana chilichonse, yang'anani pakona ya pansi ya mapulaniwo, muone ngati nambala ya kusintha ikufanana.