Kodi mapulaneti "ofanana ndi dziko lathu" n'ngokhalikadi? Yankho kwa aphunzitsi a ku Santhe

Mphunzitsi wina wa pulayimale ku Santhe, m'boma la Kasungu, anatilembera imelo. Ophunzira ake anaona pa Facebook nkhani yoti asayansi apeza "dziko lachiwiri" lozungulira nyenyezi ina, ndiye anamufunsa mafunso awiri: kodi amadziwa bwanji kukula kwa chinthu choti sanachionepo, nanga anthu angasamukireko n'kukalima?

Aphunzitsi, ana anuwo afunsa bwino, ndipo yankho la funso lachiwiri labisala mu loyambalo.

Mapulanetiwo alikodi. Mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Switzerland anapeza loyamba lozungulira nyenyezi yonga dzuwa lathu, lotchedwa 51 Pegasi b, ndipo mu 2019 analandira nalo mphoto ya Nobel. Lero otsimikizika apitirira 5,000. Koma ang'onoang'ono amsinkhu wa dziko lathu palibe anawajambulapo. Zithunzi zokongola za nyanja ndi mitambo zija amachita kupanga pa kompyuta.

Chimene amayeza ndi kuwala. Pulaneti likamadutsa pakati pa ife ndi nyenyezi yake limatchinga pang'ono, monga imachitira ngumbi ikadutsa kutsogolo kwa nyali. Kuchepa kwa kuwalako ndi kumene kumaulula kukula kwa pulanetilo. M'mimba mwa dzuwa mungandandalike mayiko ngati lathuli okwana 109. Mukachulukitsa 109 ndi 109 mupeza pafupifupi 11,900, kutanthauza kuti dziko lathu limatchinga gawo limodzi lokha mwa magawo 11,900 a kuwala kwa dzuwa. Tengani thumba la chimanga la makilogalamu 50, wina atapemo magalamu 4, njere khumi ndi zingapo basi, kenako inu muzindikire pa sikelo kuti thumba lapepuka. Jupiter, pulaneti lalikulu kuposa onse ozungulira dzuwa lathu, akanatapamo theka la kilogalamu, n'chifukwa chake zimphona ndizo zinayamba kupezeka.

Kuyeza kotere kuchokera pansi pano n'kovuta chifukwa mpweya umathwanimitsa nyenyezi. Ndiye mu 2009 NASA, bungwe la ku America lofufuza zam'mlengalenga, inatumiza m'mlengalenga telesikopu ya Kepler, imene inkayang'anitsitsa nyenyezi pafupifupi 150,000 nthawi imodzi. Zinafunika kuchuluka choncho chifukwa mwa mapulaneti 200 oyenda ngati dziko lathu, ndi limodzi lokha limene njira yake imalunjika ndi maso athu. Likadutsa limatenga maola pafupifupi 13, kamodzi pachaka, ndipo asayansi amafuna lidutse katatu asanakhulupirire. Chimawanamiza kawirikawiri ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana zimene zimatchingana, kapena mawanga akuda a pa nyenyezi yeniyeniyo. Komanso akalakwitsa kukula kwa nyenyezi, kukula kwa pulaneti nakonso kwalakwika, poti chimene ayeza ndi kuyerekeza kwa ziwirizo.

Kulemera amakupeza mwa njira ina. Pulaneti limakoka nyenyezi yake n'kuigwedeza pang'ono. Jupiter amagwedeza dzuwa pa liwiro la mamita oposa 12 pa sekondi, pomwe dziko lathu limaligwedeza masentimita 9 okha, kuyenda kwa fulu. Ukadziwa kukula ndi kulemera komwe, m'pamene unganene ngati ndi lamiyala kapena lampweya. Ambiri opitirira dziko lathu ndi theka n'kanthu m'mimba mwake sakhala amiyala.

Tsopano mawu oti "lokhalika". Apa ndi pamene nkhani zambiri zimasocheretsa anthu, ndipo ndikupemphani muwafotokozere anawo mosamala. Asayansi akati pulaneti lili m'chigawo chokhalika, amangotanthauza mtunda wake kuchokera pa nyenyezi: pamalo poti madzi, ngati alipo, sangaume kukhala ayezi kapena kuphwera. Zili ngati kuotha moto mu June, pomwe wakhala pafupi kwambiri amapsa miyendo, wakutali amanjenjemera. Moto ukakhala waung'ono aliyense amasendera. Nyenyezi zambiri ndi zazing'ono, zofiira ndi zozizirirapo kuposa dzuwa, choncho chigawo chawo chokhalika chili pafupi kwambiri. Mwachitsanzo, pulaneti la Kepler-186f, limene linalengezedwa mu 2014, limazungulira m'masiku 130. Proxima Centauri b, la mu 2016, chaka chake ndi masiku 11. Nyenyezi ya TRAPPIST-1, monga linalengezera gulu la Michaël Gillon wa ku Belgium mu 2017, ili ndi mapulaneti 7 amsinkhu wa dziko lathu, atatu ali m'chigawo chokhalika, ndipo lakutali kwambiri limazungulira m'masiku 19.

Kukula koyenera ndi mtunda woyenera sizikwanira. Umboni anawo amauona ndi maso awo: Nthanda, imene m'mabuku amaitcha Venus. M'mimba mwake ndi 95 pa 100 ya dziko lathu, moti wina atayang'ana kuchokera kunyenyezi ina akanalemba kuti wapeza mapasa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Venus anasendera pang'ono kudzuwa, ndipo mpweya wake ndi carbon dioxide pafupifupi wokhawokha, wokhuthala, umene umasunga kutentha ngati bulangete. Pansi pake pamatentha madigiri 465, ndipo mpweyawo umapanikiza kuwirikiza ka 90 kuposa kuno, ngati munthu wamira mamita 900, kupitirira pakuya penipeni pa nyanja ya Malawi. Mars ndiye bulangete lake n'lopyapyala, mpweya wosakwana 1 pa 100 ya wathu, ndipo ndi chipululu chozizira. Dziko lathu likanapanda mpweya wosunga kutentha bwenzi likuzizira madigiri 18 pansi pa ziro, m'malo mwa 15 pamwamba pake. Mwini nkhani yonseyi ndi mpweya.

Nyenyezi zofiira zija zili ndi mavuto awo. Zimakonda kuphulika malawi amene angathe kukokolola mpweya wa pulaneti lapafupi. Komanso pulaneti loyandikira chotero limatha kumaonetsa mbali imodzi yokha kunyenyezi, monga mwezi umachitira kwa ife, uku masana osatha, uko usiku wosatha. Telesikopu ya James Webb, yotumizidwa pa 25 December 2021, ndi imene ikufufuza mpweyawu poyeza kutentha kwa mapulaneti ndi mitundu ya kuwala imene imasowa nyenyezi ikawalira kudzera mu mpweya wawo. Mu 2023 inapeza kuti TRAPPIST-1 b, lapafupi kwambiri ndi nyenyezi yake, mbali yamasana imatentha madigiri pafupifupi 230 ndipo silikuonetsa mpweya wokhuthala. Kufikira lero palibe pulaneti lamsinkhu wa dziko lathu limene patsimikizika nyanja, mpweya wopuma kapena chamoyo.

Za kusamuka, mtunda wokha ukuyankha. Muike mwala pabwalo la sukulu kukhala dzuwa, dziko likhale mita imodzi kuchokera pamenepo. Proxima Centauri, nyenyezi yapafupi kuposa zonse kupatula dzuwa, ikhala pa makilomita 268, pafupifupi ulendo wochoka pa Kasungu boma kupita ku Lilongwe n'kubwerako. Chombo cha Voyager 1, chothamanga makilomita 17 pa sekondi, chingatenge zaka zoposa 70,000.

M'kalasi mungachite izi. Pezani babu loyera lozungulira la masentimita 6, muumbe kampira kadongo ka masentimita 2, mukamangirire ku ulusi. Foni yokhala ndi app yoyeza kuwala muiike pa tebulo mamita awiri kuchokera pa babulo, mutseke mawindo, kenako mudutsitse kampirako pang'onopang'ono, moyandikira babu. Nambala itsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 9, chifukwa m'mimba mwa babu mungandandalike timipira 3, ndipo 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9. Ikatsika kwambiri, ndiye kuti kampira kayandikira foni kapena dzanja lalowapo. Ikapanda kusintha, m'chipindamo mukuwala. Ndipo madzulo a pakati pa May ndi August, anawo ayang'ane kum'mwera apeze nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndi ziwiri zowala zoloza mtandawo. Yowala kwambiri, yotalikirana ndi mtanda, ndi Alpha Centauri. Proxima ili pambali pake pomwepo, koma ndi yofooka moti siioneka popanda telesikopu.