Mnzanu wa lendi wasamuka ndi ngongole: kodi mungagulitse filiji yake?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga, ndipo ndiyambe ndi kubwereza mwachidule zimene mwafotokoza. Mukuti inu ndi anzanu awiri mumachita lendi nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 mu Lilongwe pa K360,000 pamwezi, aliyense n'kumapereka K120,000, ndipo za magetsi ndi madzi mumagawana patatu. Amene anasaina pepala la mwini nyumba ndinu nokha. Mmodzi mwa anzanuwo wasamuka osatsanzika ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri ndiponso K38,000 ya mayunitsi ndi bilu ya madzi, ndalama zimene inu munamulipirira, koma wasiya filiji ndi matiresi m'chipinda chake. Mukufunsa ngati mungagulitse katunduyo, ngati mungakamuneneze kupolisi, ndiponso ngati pali chimene mungachite poti atatunu simunalemberane chilichonse.

Pa nkhani yanuyi pali mapangano awiri, ndipo anthu ambiri amasokonezeka chifukwa chowaphatikiza. Loyamba ndi la inu ndi mwini nyumba. Popeza dzina limene lili pa pepala ndi lanu, mwini nyumba amadziwa inu basi, ndipo lendi ikaperewera adzagogoda pa chitseko chanu kufuna K360,000 yonse. Simungamuuze kuti akasake yekha amene wathawayo, chifukwa iye sanapangane naye kanthu. Munachita bwino kulipira m'malo moyembekezera kuti mkangano wanu uthe. Lachiwiri ndi la atatunu, lakuti aliyense azipereka gawo lake, ndipo ndi pa pangano limeneli pamene pagona ufulu wanu wobwezeredwa ndalama.

Kusalemba sikupha pangano. Malamulo a mapangano amene makhoti a m'Malawi amatsatira, amene ambiri mwa iwo tinatengera ku England, amavomereza mgwirizano wapakamwa wa mtundu umenewu malinga ngati pali umboni wakuti unalipodi ndipo opanganawo ankafuna kuti uwamange. Mfundo yachiwiriyi ndi imene wosumiridwa amakonda kubisalamo, kunena kuti zinali zongothandizana paubwenzi. Khoti limasiyanitsadi lonjezo la pachibale kapena la pocheza, monga lakuti ndidzakugulira chakudya mwezi ukatha, ndi mgwirizano umene anthu amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi aliyense akudalira mnzake. Pa mlandu wodziwika wa ku England wa Simpkins v Pays wa mu 1955, mayi wina wachikulire, mdzukulu wake ndi munthu amene ankachita lendi m'nyumba mwawo ankalowa limodzi mpikisano wa m'nyuzipepala m'dzina la mayiyo, n'kumasonkherana ndalama zolowera. Atapambana mapaundi 750 mayiyo anakana kugawa, koma khoti linagamula kuti wa lendiyo alandire gawo lake limodzi mwa magawo atatu, ngakhale panalibe cholemba. Ngati kusonkherana kwa mpikisano kunamanga anthu okhala nyumba imodzi, ndikuona kuti kusonkherana lendi kungawamange koposa, ndipo sindikukayika kuti majisitireti angaone chimodzimodzi.

Ntchito yanu yaikulu tsono ndi umboni, ndipo muli nawo wambiri kuposa mmene mukuganizira. Ngati mnzanuyo ankakutumizirani K120,000 pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki mwezi uliwonse, mndandanda wa ndalamazo ukuonetsa wokha kuti pangano linalipo ndiponso kuti gawo lake linali lotani. Mauthenga a pa WhatsApp, makamaka amene iye akupepesa kapena kulonjeza kuti alipira akalandira, ndi amtengo wapatali, pakuti munthu sapepesa ngongole imene alibe. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limalola kuti mauthenga a pafoni ndi pakompyuta alandiridwe ngati umboni. Musafufute kalikonse, ndipo musangodalira zithunzi za mauthengawo; sungani foni imene ili ndi mauthenga enieniwo kuti mudzathe kuionetsa akadzaifuna. Onjezani malisiti a mwini nyumba a miyezi iwiriyo, mauthenga a ESCOM a mayunitsi amene munagula, mabilu a Lilongwe Water Board, ndi mnzanu wotsalayo ngati mboni. Pa mlandu wa pakati pa munthu ndi mnzake khoti silifuna umboni wochotsa chikayiko chonse monga pa mlandu wa upandu. Limangoyeza mbali imene nkhani yake ikuoneka yoona kuposa inzake.

Za kupolisi, yankho ndi lakuti iyi si nkhani yawo. Kulephera kulipira ngongole si upandu, ndipo gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limanena poyera kuti munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa zimene anapangana ndi mnzake. Ndikudziwa kuti anthu amathamangira kupolisi pofuna kuti wangongole achite mantha, ndipo nthawi zina amalipiradi, koma wapolisi alibe mphamvu yogamula kuti wina akubwezereni, ndipo mnzanuyo atatsekeredwa popanda chifukwa chomveka akhoza kutembenuka n'kukusumirani inuyo. Zikanakhala zina mukanakhala kuti munamupatsa ndalama kuti akalipire madzi iye n'kuzidya, chifukwa pamenepo pangakhale mlandu wa kuba, koma si zimene mwalemba.

Tsopano filiji, imene ndikudziwa kuti ndi imene yakulembetsani kalatayi. Musaigulitse. Katunduyo akadali wa mwiniwake ngakhale ali ndi ngongole yanu, ndipo lamulo silikupatsani mphamvu yodzilipira nokha ndi chinthu cha munthu wina. Anthu amasokoneza ndi mphamvu imene mwini nyumba ali nayo yogwiritsa katundu wa wochita lendi pa ngongole ya lendi, koma imeneyo ndi njira ina yokhala ndi ndondomeko yake, ndipo inu simuli mwini nyumba wa mnzanuyo. Mukagulitsa, iye akhoza kukusumirani kuti mumulipire mtengo wa filijiyo, ndipo pamenepo adzatchula mtengo wa yatsopano ya m'sitolo pamene inu munaigulitsa motchipa kwa wa kaunjika wa zipangizo. Mudzapezeka kuti amene munali wodandaula ndinu mukuyankha mlandu. Ngakhale kumukaniza kutenga katundu wake akabwera kuli ndi vuto lomwelo. Njira yabwino ndi kumupempha kuti avomere polemba, ngakhale pa uthenga wa pafoni, kuti filijiyo ikhale chikole mpaka tsiku lakuti, ndipo kuti tsikulo likadutsa igulitsidwe pa mtengo wosachepera wakuti, ndalama zotsala mutachotsapo ngongole zibwezedwe kwa iye. Ambiri amavomera chifukwa alibe ndalama m'manja. Pakadali pano jambulani katunduyo mmene alili, pali mboni, ndipo musamugwiritse ntchito.

Musanafune ndalama kwa munthu, werengani bwino, chifukwa wokokomeza ngongole amadzichotsera yekha chikhulupiriro pamaso pa khoti. Lendi ya miyezi iwiri ndi K240,000, kuonjezapo K38,000 zikukwana K278,000. Koma ngati polowa m'nyumbamo munasonkherana ndalama ya chikole imene mwini nyumba akusunga, mnzanuyo ali ndi gawo lake mmenemo, ndipo chilungamo chake n'chakuti liwerengedwe. Tiyerekeze kuti anaikamo K120,000: amene adzalowe m'chipinda chake apereke K120,000 yake ya chikole kwa inu, ndipo ngongole itsike kufika pa K158,000, pokhapokha ngati pali zimene wosamukayo anaononga. Mungafunenso lendi ya mwezi wina umodzi chifukwa chochoka osachenjeza, pakuti pa lendi yolipira pamwezi chenjezo la mwezi umodzi ndi limene limaonedwa kukhala loyenera, koma mbali imeneyi ndi yofooka poyerekeza ndi inayo poti simunapangane za chenjezo. Dziwaninso kuti lamulo limayembekezera wolakwiridwa kuchepetsa kuluza kwake: simungasiye chipinda chopanda munthu miyezi isanu n'kumati zonse adzalipira wothawayo. Yambani kufuna wina lero, ndipo sungani umboni wakuti munafunafuna.

Ndondomeko yake imayamba ndi kalata yofuna ndalama. Simufunika loya kuti muilembe. Tchulani kuchuluka kwa ngongole ndi mmene yafikira pamenepo, njira yolipirira, ndi tsiku lomaliza, monga masiku 14 kuchokera pamene walandira, n'kunena kuti likadutsa mupita kukhoti. Sungani kope. Ngati pali munthu amene nonse mumamulemekeza, kaya wachibale wake, wa kumpingo kapena mfumu ya m'deralo, yesani kukhala pansi, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe n'kusainidwa, ngakhale kukhale kulipira pang'onopang'ono. Pa ndalama za msinkhu umenewu K40,000 pamwezi yobwera mwamtendere imaposa chigamulo chimene mudzachithamangire chaka chathunthu.

Zikakanika, pitani ku khoti la majisitireti la m'dera lanu. Makhoti amenewa amaweruza milandu ya ngongole mpaka pa malire a ndalama amene amasiyana malinga ndi udindo wa majisitireti, ndipo kalaliki wa khoti adzakuuzani koyenera ndi ndalama yolembetsera mlandu. Khoti lidzatulutsa chisamani chimene chiyenera kufika kwa wosumiridwa, n'chifukwa chake muyenera kudziwa kumene akukhala kapena kumene amagwira ntchito; milandu yambiri yotere imaima pamenepa. Akalandira chisamani n'kukhala chete, mungapemphe chigamulo iye kulibe. Akatsutsa, mudzapatsidwa tsiku loti nonse mufotokoze ndi kuonetsa umboni. Mukapambana iye n'kukanabe kulipira, mungapemphe khoti kuti litume a sherifu akagwire katundu wake n'kugulitsa, ndipo apa m'pamene filiji ija ingagulitsidwe mwalamulo. Wosuma akhale amene anatulutsa ndalama: ngati mnzanu wotsalayo anathandizapo, sumani limodzi kapena aliyense afune gawo lake. Amene sangakwanitse kulipira loya angafunse thandizo ku Legal Aid Bureau.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma kukhoti ngongole imaola: lamulo la Limitation Act limapereka zaka zisanu ndi chimodzi kuti munthu asume pa nkhani ya pangano. Nthawiyo ndi yaitali, komabe musaidalire, pakuti mboni zimasamuka, mafoni amatayika, ndipo amene anaona Kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa zimene kudikira kumachita ku ndalama. Ndikuchenjezeninso kuti musamulembe pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kuti ndi wakuba. Mungasumiridwe pa kuipitsa mbiri, ndipo lamulo la mu 2016 lija limaletsanso kuzunza munthu ndi mauthenga.

Otsalanu ndi amene akubwerayo muli ndi mwayi wokonza zinthu. Palibe lamulo lonena mmene anthu okhala nyumba imodzi ayenera kugawanirana. Khoti limakakamiza chimene munagwirizana, osati chimene likuona kuti chikanakhala chabwino, choncho chilungamo muyenera kuchiika nokha pachiyambi. Kugawa mofanana sikuti nthawi zonse ndi kolungama. Wogona m'chipinda chachikulu chokhala ndi bafa lake ayenera kulipira koposa, mwina K140,000 pamene enawo akupereka K110,000 aliyense. Magetsi ndi madzi ndi bwino kuwagawa potsata chiwerengero cha anthu osati cha zipinda, ndipo mugwirizaniretu kuti mlendo akakhala masiku angati ayamba kuwerengedwa, chifukwa mikangano yambiri imene ndaiona imayamba ndi mlongo amene anabwera kudzaona anthu n'kutha miyezi itatu akuphika pa mbaula yamagetsi. Za chakudya ine ndimalangiza kuti aliyense azigula chake, kupatula zazing'ono monga sopo ndi mchere, popeza palibe amene angadzatsimikize kukhoti kuti ndani anamaliza ufa.

Zonsezi zikwana pa tsamba limodzi losainidwa ndi aliyense: gawo la munthu, tsiku lolipira, chenjezo la mwezi umodzi, za chikole, ndi zochita ndi katundu wosiyidwa. Werenganinso pepala lanu la lendi, chifukwa ambiri amaletsa kulowetsa anthu ena popanda chilolezo cha mwini nyumba, ndipo mungathamangitsidwe pa chifukwa chimenecho. Mupempheni kuti mayina a nonse alembedwe pa pepalalo. Akatero akhozabe kufuna lendi yonse kwa mmodzi wa inu, koma wolipirayo adzakhala ndi ufulu woonekeratu wofuna kwa anzakewo magawo awo, ndipo simudzakhalanso nokha pa chitseko mwini nyumba akadzagogoda.