Nkhuku ya chikuda si broila, musaikakamize

Mayi wina wandilembera kuti nkhuku zawo za chikuda zakwana miyezi 7 koma n'zazing'onobe, ndipo akapha imodzi nyama yake ndi yolimba. Akufunsa ngati azigulire chakudya cha mabroila.

Ayi mayi, musatero. Broila imafika makilogalamu 2 m'masabata 6 chifukwa cha mtundu wake. Ya chikuda, ngakhale muidyetse chotani, imafuna miyezi 5 kapena 6 kuti iyandikire kilogalamu imodzi ndi theka. Chakudya chodula chija chingoikuta mafuta m'mimba basi.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti ambiri amanyoza mtunduwu pomwe vuto ndi kawetedwe. Mwanapiye akamakula ndi madeya okhaokha amapinimbira, ndipo zimene wataya m'masabata 8 oyambirira sadzazibwezanso. Nthawi imeneyi amafunika chakudya cha mapuloteni 18 mpaka 20 pa 100 alionse, kenako 15 kapena 16. Soya muzikazinga musanagaye, wosaphika amalepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba. Ndiye pali njoka za m'mimba, zomwe zimadyera limodzi ndi nkhuku mwakachetechete, utitiri woyamwa magazi usiku m'khola, ndi chitopa chomwe chimasesa khola lonse ngati simutemera miyezi 3 kapena 4 iliyonse. Tambala nayenso musamusunge zaka n'kumakwera ana ake omwe. Ana obadwa pachibale amachepa thupi. Sinthani chaka chilichonse.

Za kulimba kwa nyama

Nkhuku yoyenda tsiku lonse minofu yake imakhwima, ndipo ikamakalamba mitsempha imakhwimiranso. Kukoma kwa msuzi wake kumachokera komweko, ndiye ine sinditcha chimenechi chilema. Cholakwika ndi kupha tambala yemwe wakhala akulira chaka chathunthu n'kumuwotcha pamoto waukali.

Iphani atambala ali ndi masabata 16 mpaka 20. Masabata awiri omaliza atsekereni m'khola, muziwapatsa chakudya chokwanira. Maola 8 mpaka 12 musanaphe chotsani chakudya, madzi okha asiyeni. Madzi ososolera akhale otentha madigiri 55 mpaka 60, owira amaphika khungu n'kuling'amba. Nyama ikangophedwa kumene imayamba yauma gwa, ndiye muiike mufiriji usiku umodzi ifewe. Thadzi lomwe lasiya kuikira liphikeni m'madzi pamoto wochepa, maola awiri kapena kupitirira.