Mayi, musamulande mwanayo buku la kamba ndi njovu zinayi

Mwa makalata onse amene ndalandira mwezi uno, imodzi yandikhala pamtima. Yachokera kwa mayi wina amene mwana wake ali Folomu 3. Amalume ake a mnyamatayo, omwe amakhala ku Britain, anamutumizira buku lotchedwa The Science of Discworld, ndipo mayiwo atalitsegula anapeza mutu wina ukukamba za amatsenga, wotsatira ukukamba za nyenyezi ndi maatomu. Funso lawo ndi lakuti, nthano zikufunanji m'buku la sayansi, ndipo sizimusokoneza mwana poti chaka chamawa akulemba MSCE?

Mayi, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi zanga, chifukwa funso lanu landigunda pachilonda.

Ndili kusekondale tinali ndi mphunzitsi wa Physical Science amene ankalowa m'kalasi ndi kope lake lothaitha, n'kuyamba kulemba pabolodi kuchokera pamwamba mpaka pansi osatembenuka. Ife ntchito inali kukopera basi. Tsiku lina analemba za utawaleza, kuti dontho la mvula limagawa kuwala kwa dzuwa kukhala mitundu isanu ndi iwiri monga limachitira galasi la prism. Ndinakweza dzanja. Ndinafunsa kuti ngati dontho lililonse likugawa kuwala, bwanji thambo lonse silidzaza mitundu, m'malo mwake timaona uta wopindika pamalo amodzi? Anandiyang'ana nati zimenezo sizibwera pamayeso. Kalasi yonse inaseka. Ndinatsitsa dzanja, ndipo mpaka kumaliza sukulu sindinafunsenso kanthu m'phunziro limenelo. Notsi ndinaziloweza, mayeso ndinakhoza, koma sayansi ndinaida, ndipo ndinakula ndikukhulupirira kuti ndi mndandanda wa ziganizo zimene munthu sayenera kuzifunsa.

Yankho ndinadzalipeza ndili wamkulu. Kuwala kukalowa m'dontho kumapindika, kumagunda kumbuyo kwa dontholo n'kubwerera, ndipo kofiira kambiri kumatuluka pa ngodya ya madigiri pafupifupi 42 kuchokera komwe kunalowera. Choncho madontho okhawo amene ali pa ngodya imeneyo kwa inu ndi amene amaponya kufiira m'diso mwanu, ndipo madontho otero amapanga mzere wozungulira umene nthaka imadula pakati. Munthu amene waima pambali panu akuona utawaleza wake, wochokera m'madontho ena. Tsiku lomwe ndinamvetsa izi ndinatenga payipi yothirira kudimba, dzuwa lili kumsana, n'kutsekera kukamwa kwake ndi chala kuti madzi awazike. Uta unaoneka pamwamba pa mpiru, ndipo ndikasuntha nawonso unkasuntha. Ndinakondwa, komanso ndinakwiya, chifukwa mwana wa zaka 15 akanatha kumva zonsezi pasanathe theka la ola.

Olemba buku la mwana wanu ali ndi dzina la zimene mphunzitsi uja analemba pabolodi. Amati ndi mabodza ouza ana. Sanena monyoza ayi. Akutanthauza kufotokoza kophweketsedwa, kosakwanira, kumene mwana amafunika kukwerapo kuti adzafike pa kufotokoza kwabwinoko. Chithunzi cha atomu chimene chili m'kope la mwana wanu, chokhala ndi ma electron ozungulira ngati mapulaneti, n'chimodzi mwa izo. Chinachokera ku ntchito ya Niels Bohr ya mu 1913 ndipo asayansi anachidutsa kalekale, komabe timayambira pomwepo. Mphunzitsi wanga sanalakwe potiuza za prism. Analakwa potseka chitseko, ngati kuti nkhani yathera pamenepo.

Bukulo linatuluka mu 1999 ndipo analilemba anthu atatu a ku England. Terry Pratchett, amene anamwalira mu 2015, anali wolemba nthano zoseketsa za dziko lotchedwa Discworld, lomwe ndi lafulati ngati lichero, lakhazikika pamisana ya njovu zinayi, njovuzo zitaima pa kamba wamkulu wosambira m'mlengalenga. Ian Stewart ndi katswiri wa masamu wa ku University of Warwick, ndipo Jack Cohen anali katswiri wa zamoyo. Amasinthana mitu, nthano kenako sayansi, nthano kenako sayansi. Amatsenga amene akudetsani nkhawawo si afiti oyenda usiku. Ndi madoda a payunivesite okonda kudya ndi kukangana, ndipo Pratchett anawalemba pofuna kuseka aphunzitsi akuluakulu odzimva. M'nthanoyo, ntchito yawo ina italakwika amapanga mwangozi chilengedwe chaching'ono m'botolo lagalasi, chopanda matsenga ngakhale pang'ono. Chilengedwe chimenecho ndi chathuchi.

Apa ndi pamene pagona luso lonse. Amatsengawo akusuzumira m'botolo ndipo akudabwa. Maiko akungoumbika obulungira, kamba palibe, njovu palibe, ndiye chikugwira dziko n'chiyani? Bwanji a kunsi sakugwa? Amaona zamoyo zikuyamba kutukuka, kenako chimwala chochokera kumwamba chikuphwanya zonse popanda chifukwa, popanda woipa wolangidwa kapena wabwino wopulumuka. Owerenga amaseka umbuli wawo, kenako amazindikira kuti nayenso sangathe kufotokoza chimene chikugwira dziko. Mutu wa sayansi umafika iye ali kale ndi ludzu la yankho. Ena amati nthano m'mabuku otere ndi ndiwo zongothandiza kumeza nsima. Ine ndikukana. Popanda nthanoyo mwana sakhala ndi funso, ndipo yankho lopanda funso ndi lija ndinkakopera pabolodi.

Palinso china chozama. Kwawo kwa amatsengawo zinthu zimachitika chifukwa nkhani ikufuna kuti zichitike: mwana wachitatu wa mfumu ndiye amapambana, chinthu chooneka chosatheka chimatheka ndithu pa nthawi yake. Olembawo amati dzikolo lili ndi chinthu chotchedwa narrativium, mphamvu yokankha nkhani. Amatsenga amachisaka m'dziko lathu ndipo sachipeza m'miyala, m'madzi kapena m'nyenyezi. Buku lachiwiri la olemba omwewa, The Globe, la mu 2002, limati chilipo koma chili m'mitu ya anthu. Limafika ponena kuti dzina lakuti Homo sapiens, munthu wanzeru, ndi lodzikweza, ndipo lotiyenera ndi Pan narrans, chimpanzi chosimba nkhani. M'bukulo zolengedwa zankhanza zotchedwa ma elf zimalamulira anthu pogwiritsa ntchito nkhani zoopsa, ndipo amatsenga amazigonjetsa poonetsetsa kuti William Shakespeare wabadwa n'kulemba sewero lozisandutsa zoseketsa. Nkhani inathetsedwa ndi nkhani inzake.

Ndikawerenga zimenezo sindiganiza za England. Ndimakumbukira chaka cha 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre. Anthu anagona panja, alendo anakhala adani, ndipo ena anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa cha nkhani. Nkhaniyo inali ndi zonse zofunika, woipa wobisika, magazi, usiku, achuma odyera osauka. Umboni inalibe. Ena mwa amene anaikhulupirira anapita kusukulu ndipo analoweza notsi za kayendedwe ka magazi m'thupi. Notsizo sizinawateteze, chifukwa palibe anawaphunzitsa kuti nkhani ikamveka yokoma ndi yokwanira bwino, pamenepo ndi poyenera kufunsa kuti tadziwa bwanji.

Sindikunena kuti nkhani za makolo n'zachabe. Taonani Napolo. Madzi ndi miyala zitagumuka paphiri la Zomba mu 1946, komanso ku Phalombe mu 1991, anthu anati Napolo wadutsa. Nkhani imeneyi inasunga chikumbukiro cha njira zimene madzi amadzera, ndipo gogo akamaletsa mdzukulu kumanga m'khwawa anali kunena zoona. Chimene siinathe kunena n'chakuti dothi lapaphiri likakhuta mvula ya masiku angapo limalemera n'kuterereka, makamaka pamene mitengo yatha. Matope a namondwe Freddy atatsika ku Soche kulowa mu Chilobwe m'mwezi wa Malichi 2023, tinkafunika zonse ziwiri, kukumbukira kwa agogo ndi muyeso wa mvula. Mwana amene waphunzira kuona kuti iyi ndi nkhani, iyi ndi nkhani yoyesedwa, sadzanyoza agogo ndipo sadzanyamula mwala chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp. Sayansi nayonso imasimba nkhani, kusiyana kwake n'kwakuti imalola aliyense kuziyesa ndi kuzigwetsa. Mfundo za Isaac Newton za mu 1687, zofotokoza mphamvu yokoka zinthu, zinaima zaka zoposa 200, mpaka Albert Einstein mu 1915 anaonetsa pomwe zinkaperewera. Sukulu zathu zimaphunzitsa mayankho a asayansi koma zimabisa mkangano wake, ndipo ine ndimati kumeneko n'kubera ana.

Tsono za mnyamata wanu

Musiyeni awerenge. Sasokonezeka, chifukwa mitu ya nthano ndi ya sayansi n'zolekanitsidwa bwino, ndipo mwana amene anakulira nthano za Kalulu amadziwa kale kuti akalulu salankhula. Mumuuze chinthu chimodzi chokha: pamayeso alembe zimene silabasi ikufuna, ngakhale bukulo litamuuza kuti nkhaniyo ndi yozama kuposa pamenepo. Chingerezi chake n'cholimba ndipo nthabwala zina n'za ku England kwenikweni, choncho akhale ndi dikishonale pafupi ndipo asataye mtima akaphonya zina. Mitu ya sayansi asaidumphe. Poti linalembedwa mu 1999, zina za zakuthambo zasintha, azifufuzanso kwa aphunzitsi ake. Mabukuwa alipo anayi, lachitatu ndi Darwin's Watch la mu 2005 ndipo lomaliza ndi Judgement Day la mu 2013, ndipo amakamba za Charles Darwin, amene anafotokoza mmene zamoyo zimasinthira pang'onopang'ono, ndi za chipembedzo mosabisa mawu. Amenewo ndi bwino muyambe mwawaona nokha, kuti akabwera ndi mafunso akupezeni muli okonzeka kukambirana naye.