Kutulutsira Panja Fumbi la Matabwa: Malire a Ufulu Wanu

Bambo,

Mwalemba kuti mumacheka ndi kupala matabwa m'galaja ya kunyumba kwanu, ndipo popeza thumba la makina okoka fumbi limadzaza msanga, mukufuna kuboola khoma kuti paipi izitulutsira mpweya wonse panja. Mwafunsa ngati malamulo akukulolani kutero, poti khomalo layang'anizana ndi mpanda wa oyandikana nawo.

Kugwira ntchito ya ukalipentala pamalo panu ndi ufulu wanu, koma ufuluwo umathera pamalire a malowo. M'mayiko otsatira malamulo ochokera ku England muli mlandu wotchedwa nuisance, umene munthu amapalamula akamagwiritsa ntchito malo ake m'njira yosowetsa mnzake mtendere mopitirira muyezo, kaya ndi utsi, fungo, phokoso kapena fumbi. Wodandaula safunika kusonyeza kuti munali ndi mtima woipa. Khoti limayang'ana kuchuluka kwa fumbilo, kuti limatuluka kangati, nthawi imene makina amalira, ndiponso mtundu wa dera limene mukukhala.

Pali zigamulo ziwiri zakale zimene zikukukhudzani. Pa mlandu wa St Helen's Smelting Co v Tipping wa mu 1865, utsi wa fakitale yosungunula mkuwa unawononga mitengo pamalo pa munthu wina, ndipo oweruza anati katundu akawonongeka ndithu, wowonongayo sangazembe ponena kuti deralo ndi la mafakitale. Choncho utuchi wanu ukatseka ngalande ya padenga la anzanuwo, kapena ukawononga penti imene angopaka kumene, mlandu umalemera kuposa kungowatsokomoletsa. Musadalirenso zoti inu munayamba ntchitoyi iwo asanabwere. Pa mlandu wa Sturges v Bridgman wa mu 1879, wopanga maswiti amene anakhala akusinja ndi mitondo yake zaka zoposa 20 analetsedwa pamene dokotala woyandikana naye anamanga chipinda choonera odwala pafupi ndi khoma lake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si zipalopalo zogwera pansi pa paipi, koma fumbi losalala louluka ndi mphepo, limene limakalowa pawindo la chipinda chogona ana. Mu 1995 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Loya wa wodandaula sangaiwale mfundo imeneyi, ndipo ngati m'nyumbamo muli wodwala mphumu, mkangano udzakula msanga.

Musanaboole khoma, pitani ku khonsolo ya dera lanu mukafunse malamulo ake okhudza kusintha nyumba, phokoso ndi kuipitsa mpweya, ndipo mupemphe yankho lolemba. Ngati mumagulitsa zimene mumapanga, nenani poyera, chifukwa bizinesi pamalo okhala anthu kawirikawiri imafuna chilolezo chakechake. Dziwani kuti ngakhale khonsolo itavomereza, oyandikana nawo amakhalabe ndi ufulu wokusumirani. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, musakhudze khoma popanda kalata ya eni ake. Auzeninso a inshuwalansi, popeza fumbi louma limagwira moto mosavuta, ndipo angakane kulipira atapeza kuti simunawauze za kusinthaku.

Palinso udindo wanu kwa a m'nyumba mwanu. Makinawa akamatulutsa mpweya wambiri m'chipinda chotseka, wina umalowa kudzera paliponse, ngakhale m'chumuni, ndipo umatha kubweza mkati mpweya wakupha wa carbon monoxide wochokera ku chotenthetsera cha gasi kapena cha nkhuni. Siyani malo olowera mpweya wabwino.

Malangizo anga ndi akuti muike cyclone, chida chozungulitsa mpweya n'kulekanitsa fumbi, patsogolo pa fani ya makinawo kuti utuchi uzigwera mumgolo, ndipo mpweya wotsalawo udutse pa sefa usanatuluke. Paipi iloze mkati mwa malo anu, kutali ndi mawindo ndi zingwe zoyanikapo zovala. Kenako kambiranani ndi anzanuwo za maola ogwirira ntchito, mulembe zimene mwagwirizana, aliyense asunge pepala lake.

Akadzadandaula, nkhani imayamba ndi kalata yochenjeza kapena kubwera kwa woyendera wa khonsolo. Musainyalanyaze kalatayo, yankhani molemba m'masiku amene apereka, mufotokoze zimene mwakonza, ndipo musunge malisiti ndi zithunzi zokhala ndi tsiku. Pemphani mkhalapakati nkhani isanafike kukhoti, chifukwa kumeneko wodandaula angapemphe chipukutamisozi pa zowonongeka komanso chiletso choimitsa makina anu, ndipo kuphwanya chiletso ndi mlandu wonyoza khoti. Kalata yotere ikakupezani, kaonaneni ndi loya wa m'dera lanu mutatenga pangano la nyumba, yankho la khonsolo ndi zithunzi za paipiyo.